Timakadi Tiwiri Tosamvana

Alamu anga anaphunzitsa sitandade faifi zaka khumi ndi ziwiri asanatsegule kashopu kokonza makompyuta pafupi ndi pometera tsitsi. Mpaka lero makasitomala amawaitana kuti Aphunzitsi.

Loweruka lina ndinawapititsira kompyuta yanga ya magemu nditaifukata ngati mwana wodwala. Chiwonjezereni kakadi kachiwiri ka ramu, kamene kamathandiza kompyuta kukumbukira zimene ikuchita, gemu ya mpira inkangofa ndikafika pagolo, sikirini n'kusanduka ya buluu.

"Mwabweretsa mwana watsopano m'kalasi," anatero alamu akumasula chivundikiro. "Tiwafunse mmodzimmodzi."

Anazula timakadi tonse, n'kupukuta mano ake agolide ndi labala wa pensulo, kenako n'kubwezeramo kakale kokha. Ndinasewera theka la ola, n'kumwetsa zigoli zitatu! Atasinthanitsa, katsopano nakonso kanagwira bwinobwino, mpaka ometa anabwera kudzachemerera, sizasi ili m'manja. Koma atangoikamo tonse tiwiri, ndisanamenye ndi kona yomwe, buluu uja anabwereranso.

Alamu anadumpha n'kuwomba m'manja. "Ndawagwira! Aliyense payekha ndi mngelo, koma pamodzi ndi chipwirikiti. Uyu akuthamanga, mnzakeyu akutsalira."

Anatsitsa liwiro la katsopanoko kuti lifanane ndi la kakale. Tinasewera osadukiza, ometa mpaka kuiwala kasitomala wawo ali ndi tsitsi mbali imodzi.

"Ndiye kothamangaka ndinakagulira chiyani?" ndinadandaula.

"Alamu, m'kalasi mwanga palibe ankatembenuza tsamba mnzake asanamalize kuwerenga."