Mayi anga a BP mwawamwetsa mankhwala a shuga

Mayi anga mukanawapha. Inu a pakachipatala kamene timadalira ife a ku Kaliyeka, dzina sinditchula koma mukudzidziwa. Mukanawapha, kenako n'kundiuza kuti ndikathokoze Mulungu. Ndikulemba pano ndi ukali.

Mayi anga, aNyaGondwe, amadwala BP. Shuga alibe, sanadwalepo. Lachiwiri loyamba la mwezi amakatenga mapiritsi, ndipo amatsagana ndi mnzawo wa kutsidya kwa msewu, Abiti Saidi, ogulitsa zitumbuwa, amenenso anali a BP. Wina wa kutchalitchi, wina wa kumzikiti, koma pabenchi ya kuchipatala ankakhala ngati mapasa.

Amene mumapitako mukudziwa kagawidwe kake. Mapiritsi amapakiratu m'timajumbo dzulo lake n'kuthira m'katoni. Pakajumbo salemba dzina la mankhwala. Amangochonga pachithunzi cha dzuwa kapena cha mwezi, basi. Wa BP akafika pawindo, dzanja m'katoni, landirani, wotsatira!

Lachiwiri la mwezi uno mayi anaona kuti mapiritsi asintha. Akale anali obulungira. Awa ataliatali, okhala ndi mzere pakati. Anafunsa mwaulemu, atapinda mawondo monga anawalerera ku Rumphi. Yankho la wa pawindo? Akuti, “Agogo, yangosintha kampani. Kodi adokotala ndinu? Tasunthani, anzanu akudikira.” Mayi anapepesa. Mwamva? Anapepesa! Munthu akupatsidwa chiphe, n'kunena pepani, zikomo kwambiri.

Lachisanu m'mawa Abiti Saidi sanadzuke. Anthu anati BP inakwera kutulo. Anaikidwa masana omwewo monga mwa mwambo wawo, ndipo palibe amene anaganiza zofunsa kanthu. Mayi analira tsiku lonse, chakudya osakhudza. Koma mapiritsi sanadumphitse, poti ndi munthu womvera achipatala.

Loweruka ndili pamakina anga osokera mumsika wa Chilinde, aneba anaimba foni kuti ndithamange, mayi agwa. Ndinawapeza pakhonde, thukuta lili kamukamu, thupi likunjenjemera. Anandiyang'ana osandizindikira. Ine Towera, mwana wawo woyamba, ankandiitana dzina la mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Azimayi anali atayamba kale nyimbo. Ena akuti ndi chisoni cha mnzawo, ena akuti sitiroko. Tinawanyamula ngati thumba la makala n'kuwakweza galimoto ya aneba mpaka kuchipatala chachikulu.

Kumeneko nesi anawabaya chala, kenako n'kundiyang'ana.

“Mayi anuwa amadwala shuga?”

Ndinati ayi.

“Nanga watsika chonchi bwanji? Akumwa mankhwala anji?”

Kajumbo kanali pansonga ya chitenje chawo, pamene amamangapo ndalama ya chopereka. Nesi anapita nako ku famase. Pobwerako anati, “Awa ndi otsitsa shuga. Mukanachedwa pang'ono, bwenzi tikukamba zina.” Anawaika diripi. Mayi anatsitsimuka madzulo, koma mpaka lero lilime likuwalemera.

Lolemba ndinalawirira kukachipatala kaja. Sindinkafuna ndalama, sindinkafuna kuti munthu achotsedwe ntchito. Ndinkafuna chinthu chimodzi: aitane onse amene analandira mapiritsi a m'katoni ija asanamwe ena. Ngati kajumbo ka mayi kanali kolakwika, tinzake m'katonimo tinali totani? Zimenezi zikufunika digiri?

Pawindo ananditumiza kwa a inichaji, mkulu wa pamalopo. Akuti ali mumitingi. Ndinadikira mpaka dzuwa paliwombo. Mitingi yake inkanunkhira chipisi ndi nkhuku, fungo likutulukira pansi pa chitseko. Ndinakankha chitseko n'kuponya kajumbo patebulo.

“Madamu, musatipangire dirama pano,” anatero akupukuta zala.

Nditawapanikiza, anaulula okha. Akuti wa ku famase anali kuwekishopu ku Mponela sabata yonse. Mapiritsi anapakira ndi mayi wokolopa, atangomuuza kuti atenge botolo lalikulu la pashelefu. Mabotolo aakulu analipo awiri. Mayi ameneyo ndilibe naye mangawa, ntchito yake ndi mopu. Ndikufuna amene anamutuma n'kupita kukasainira alawansi.

Ndinati ndiye aitaneni anthuwo lero lomwe.

“Tikatero tiyambitsa chipwirikiti. Manambala awonso tilibe. Amene wadwala abwera yekha.”

Abwera yekha? Munthu wokomoka kutulo abwera yekha? Ndinafunsa ngati alemba lipoti kwa akuluakulu awo.

“Lipoti likapita kwa mabwana, munthu ntchito imatha. Mukufuna ana a anzanu agone ndi njala?”

Ndinatchula Abiti Saidi, kuti anali pamzere womwewo, kumbuyo kwa mayi anga.

“Umboni uli kuti? Si anaikidwa kale? Inu bola mayi anu ali moyo, kathokozeni Mulungu. Ngati muli ndi dandaulo, bokosi la maganizo lili panja.”

Abale, ndinaona mdima. Ndinamenya tebulo, mbale ya chipisi inauluka n'kukasweka pakhoma. Ndinawagwira pakhosi pa gauni yoyerayo n'kuwagwedeza mpaka magalasi anagwa. Ndinakuwa kuti ndinu akupha, ndipo onse a pabenchi anamva. Mlonda anachita kundikhwekhwereza nditatola kale kajumbo kaja, batani la gauniyo linatsala m'manja mwanga. Kupepesa sindipepesa. Anapepesa kale mayi anga pawindo paja, zimenezo zatikwanira banja lonse.

Bokosi la maganizo ndinaliona potuluka. Loko wake anachita dzimbiri, ndipo pakamwa pake mavu anamangapo chisa.

Kuchoka pamenepo ndinalunjika kusiwa. Asiyatu, mwana wa Abiti Saidi, anali akulongedza zovala za mayi ake. Ndinamupempha andionetse mankhwala amene ankamwa. Anapisa m'chitini cha mabatani ndi ulusi n'kutulutsa kajumbo. Ataliatali, mzere pakati. Asiyatu anati usiku wa Lachinayi mayi ake anatuluka thukuta mpaka kunyowetsa bulangeti, akulankhula zosamveka, ndiye anawafunditsa poganiza kuti ndi malungo, apita nawo kukacha. Nditamuuza zomwe ananena nesi uja, anadziponya pansi n'kuyamba kudzimenya pachifuwa. Maliro anayambiranso.

Ine si dokotala. Chimene chinapha Abiti Saidi sindingalumbire, ali m'manda ndipo palibe anawayeza. Koma mapiritsi awo ndawaona ndi maso angawa.

Tsopano inu a ku Kaliyeka, Chilinde, Area 23, aliyense amene ali ndi kholo la BP lotenga mankhwala a m'timajumbo topanda dzina: musadikire mawa. Kamasuleni nsonga ya chitenje, katsegulani chitini. Ngati mapiritsi asintha maonekedwe, thamangani nawo kwa wodziwa mankhwala akakuuzeni dzina lake asanamwenso. Akakunenani kuti kodi adokotala ndinu, musasunthe pawindopo mpaka alembe dzina pakajumbo. Makolo athuwa ulemu udzawaphetsa. Uzani a kumpingo, uzani a kumzikiti, alengeze.

Inu a inichaji, ndi mabwana anu amene mukuwabisira, tiyankheni. M'katoni ija munali timajumbo tingati? Tili m'nyumba za ndani? Mukudikira maliro angati kuti mulembe lipoti? Munafunsa umboni. Uli m'chikwama changa: timajumbo tiwiri ndi batani lanu. Mawa ine ndi Asiyatu tikukausiya ku ofesi ya zaumoyo ya boma, ndipo sitikauponya m'bokosi.

Mayi anga atuluka m'chipatala lero. Atakhala pakhonde, anayang'ana kutsidya kwa msewu nthawi yaitali. Kenako, ndi lilime lolemeralo, anandifunsa kuti mwezi wamawa kokatenga mankhwala adzatsagana ndi ndani.

Mwamva, a inichaji? Bwerani mudzawayankhe ndinu.