Kamera ya Abwana M'manja mwa Achimwene

Mundikhululukire kuti ndalimba mtima n'kulemba, ine amene sukulu ndinalekera Folomu 2 ku Nsaru konkuno. Sindidziwa kuyala nkhani bwino, koma iyi yandikhala pakhosi nthawi yaitali.

Ndinaganiza zochoka pamudzi chaka chimene fodya wathu anabwezedwa kawiri ku okushoni. Mnzanga anandiuza kuti ku Blantyre kuli bambo wojambula zithunzi ndi mavidiyo a maukwati amene akufuna wantchito. Achimwene anga a Lekisoni, amene anandilera bambo atamwalira, anagulitsa mbuzi kuti ndipeze ya basi. Pondiperekeza anangoti, "Usakatichititse manyazi."

Ku Blantyre ndinkagona ndekha m'kachipinda ku Ndirande. Loweruka lililonse ndinkakhala pakati pa anthu ovina pamaukwati, koma panalibe wondidziwa dzina. Lamlungu ndinkaimbira amayi foni, ndipo mwezi ukatha ndinkatumiza kangachepe ka sopo ndi feteleza. Sindinkawauza kuti masiku ena ndinkagonera tiyi. Patapita zaka ziwiri, abwana anayamba kundisiyira kamera kuti ndizijambula ndekha.

Tsiku lina anandionetsa pepala. "Iyi ndi inshuwalansi," anatero. "Kamera ikabedwa kapena kuwonongeka, kampani imatigulira ina. Koma taona apa, mayina ndi awiri, langa ndi lako. Ikawonongekera m'manja mwa munthu wina, satipatsa ngakhale tambala." Mpaka lero ndikamva mawu akuti inshuwalansi, mtima umandigunda.

Mchemwali wanga atati akwatiwe, abwana anandilola kubwera nayo kamerayo kumudzi. Ukwati unayenda bwino, ndipo kwa nthawi yoyamba akuluakulu ankandiitana kuti "ajambuli". M'mawa mwake ndinaperekeza alendo kusiteji. Pobwera ndinapeza chikwama cha kamera palibe pamsomali pamene ndinachikoleka.

"Atenga achimwene ako," anatero amayi uku akupeta mtedza. "Apita ku Kabudula, kuli chinkhoswe cha mwana wa mnzawo. Nanga chinthu cha m'nyumba muno n'kuchita kupempha?"

Achimwene anabwera chakumasana atanyowa, chigongono chili magazi. Njinga yamoto imene anakwera pobwerera inaterereka pa mlatho wamitengo n'kugwera mumtsinje. Galasi la kamera linali litasweka, ndipo mkati munkatuluka madzi.

"Iyanike padzuwa, iuma," anatero osandiyang'ana.

Nditaimbira abwana, ndinawafotokozera zonse. Kenako anati, "Njira zilipo ziwiri. Anatenga osapempha, eti? Pita kupolisi ukanene kuti anakubera, ubweretse lipoti. Apo ayi, ulembe pa fomu ya inshuwalansi kuti inagwa m'manja mwako."

Masiku atatu chakudya sichinkalowa. Ndikanatha bwanji kupereka kwa apolisi munthu amene anandilera? Kunamanso ndinkaopa, chifukwa ndinamva kuti a kampani amafufuza, ndipo anthu onse a pachinkhoswe paja anawaona achimwene akujambula. Galimoto ikamveka kumsewu, ndinkati apolisi abwera kudzanditenga. Amayi anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundinong'oneza kuti, "Ingonena kuti ndiwe, mwanawe. Wamkulu sayalutsidwa."

Nditafika ku Blantyre, abwana anandipatsa fomu ndi cholembera. Ndinalemba zimene zinachitikadi: kuti kamera inatengedwa ndi mbale wanga ine kulibe, kuti sanabe, ndipo inagwera m'madzi. Patapita milungu itatu, kampani inayankha kuti silipira. Abwana sanandikalipire. Anangoti, "Ndiwe mwana wabwino, koma sindingakusungenso."

Ndinabwerera kumudzi ndi chikwama chimodzi. Pamsika wa Nsaru anyamata ankandikuwiza kuti, "Ajambuli, tatijambulaniko ndi maso!" Amayi ankandipatsa chakudya osalankhula. Achimwene akandiona, ankakhotera njira ina. Ndinkadziwa kuti ndalemba dzina lawo papepala la anthu achilendo, ndipo tsiku lililonse ndinkayembekezera kuuzidwa kuti ndichoke pakhomopo. Ndikanapita kuti?

Tsiku lina m'mamawa achimwene anaima pakhomo panga atanyamula makasu awiri. "Tiye," anatero. Ndinawatsata osafunsa kumene tikupita. Tinatsetserekera kudimba lawo, limene ankalisamala kuposa china chilichonse. Analoza ndi khasu.

"Kuyambira pa nthochi izo mpaka kumtsinje ndi pako. Udzale tomato, anyezi sachita bwino pamenepo."

Za kamera sanatchule, ndipo mpaka lero sanatchulepo. Ndili ku Blantyre ndinkaganiza kuti munthu akalakwa amati pepani. Ndinaiwala kuti kwathu kuno wamkulu sapepesa ndi pakamwa. Ndinalandira khasulo ndi manja awiri, ndipo tinalima mpaka dzuwa litafika pamutu.

Linali Lachitatu, pa 6 Okutobala.