Uthenga Umene A Dalitso Anausunga M'thumba

Amene anandilakwira ndi akulu anga enieni, a Dalitso, obadwa mimba imodzi ndi ine, amene anthu a m'komboni yathu ya Kwacha amawatchula kuti ba Dokota chifukwa cha maphunziro awo. Anamva kuti Amama ali m'chipatala, iwo n'kusunga nkhaniyo m'thumba, ine ndikugona m'nyumba mwawo momwemo, ndikuwaphikira tiyi m'mawa uliwonse. Anandiuza Amama atapita kale. Ndasankha kulemba chifukwa ndikayamba kufotokoza pakamwa ndimathera kukuwa, ndiye anthu amangomva phokosolo, nkhani osaimva.

Sukulu ndinalekera giredi naini. Atate, amene ankagwira ntchito mumgodi ku Mindolo, anali atamwalira, ndipo mutu wa sukulu m'banja mwathu unapita wonse kwa a Dalitso. Ine ndinakakhala kondakitala wa minibasi zochoka mu Kwacha kupita m'tauni. Ntchito imeneyo imafuna pakamwa. Pakamwa ndinali napo, koma manja ankafika msanga. Tsiku lina ndinagulula dzino la mnyamata woitanira anthu pa siteshoni chifukwa chondilanda pasinjala. Amama sanandikalipire. Anangoimba foni ku Pretoria, kumene a Dalitso ankachita kafukufuku pa yunivesite ina, n'kunena kuti, "Mtengeni mng'ono wanuyu asanandiphere mwana wa eni."

A Dalitso anavomera. Anati ndizikayang'anira ana awo awiri masana alamu anga akakhala ku ntchito, iwo andikonzera mapepala okhalira m'dzikomo, kenako ndikaphunzire umakaniki. Ndinakwera basi ndi chikwama chimodzi, ndikudziona kale nditavala ovolosi.

Ku Pretoria ndinkagona m'kachipinda kosungiramo masutikesi. M'mawa kuperekeza ana kusukulu, masana kuchapa, madzulo kutsuka mbale. Masiku amene anandipatsa pa boda anatha mapepala asanaoneke, ndipo kuyambira pamenepo galimoto ya apolisi ikatulukira ndinkakhotera m'shopu iliyonse. Loweruka ndinkatsuka magalimoto kuseri kwa garaja ina, kandalama kameneko n'kutumizira Amama. Anawo ankanditchula kuti Ankolo, ndikawalankhula Chinyanja ankangoyang'anizana. Tsiku lina ndinamva azimayi awiri akulankhula Chibemba m'shopu. Ndinawatsatira mashelefu onse, wopanda chogula, kungoti makutu amveko kwathu, mpaka mlonda anayamba kunditsatira inenso.

Pa balaza panali bolodi loyera lodzaza zizindikiro zonga mapazi a nkhuku. Lamulungu lina ndinafunsa a Dalitso kuti kodi ntchito yawo yeniyeni ndi chiyani.

"Ukuikumbukira njira yopapatiza ija ya kuseri kwa msika?" anatero a Dalitso. "Minibasi ziwiri zikakumana mphuno ndi mphuno, uyu akudikira mnzake abwerere m'mbuyo, mnzakeyonso akudikira uyu, mumatani?"

"Timatsika n'kumenya dalaivala mmodzi."

Anaseka mpaka kuvula magalasi. "M'kompyuta mulibe wotsika. Mapulogalamu ambiri amagwira ntchito nthawi imodzi, akubwerekana zinthu. Uyu wagwira ichi akudikira icho, uyo wagwira icho akudikira ichi, basi zonse zaima. Kungoyesa sikukwanira. Ukhoza kuyesa kambirimbiri vuto osaoneka, n'kudzatulukira tsiku loipa. Ine ndimalemba umboni wa masamu wosonyeza kuti, kaya ayambe ndani kaya atsirize ndani, palibe amene adzadikire mpaka kalekale."

Tsiku limenelo ndinawanyadira, sindinama. Ndipo moyo wawo sunali wa wofuwofu monga amaganizira anthu a mu Kwacha. Ntchito ankawapatsa ya chaka chimodzichimodzi. Zolemba zawo zinkapita kwa akatswiri osawadziwa n'komwe, n'kubwerako zitakanidwa chifukwa cha mzere umodzi. Imvi zinawamera asanakwane fote. Koma ntchitoyo inawalowa m'magazi moipa. Sankanena kanthu asanatsimikize. Ukawafunsa ngati kugwe mvula, amakuyang'ana ngati wawatchera msampha. Ndikafunsa za mapepala anga yankho linali limodzi: "Zikatsimikizika ndikuuza." Chaka chinatha. Chachiwiri chinafika pakati.

Ndiye ndinaimbira Amama kuti ndatopa, ndikubwerako.

"Pirira, mwanawe," anatero. "Kuno ubwerera chiyani? Siteshoni?"

"Munangonditaya inu, kuti ndisamakuchititseni manyazi kutchalitchi," ndinatero, n'kudula foni.

Kudula foni sikunali kwachilendo kwa ine. Amama ankandidziwa. Ankasiya masiku pang'ono kuti mtima utsike, kenako n'kuimba ngati palibe chinachitika, kufunsa ngati ndadya. Ulendo uno sanaimbe. Mlungu unatha, wina n'kutha. Ndinati, chabwino, tione woyamba ndani.

Zimene sindinadziwe n'zakuti Amama anali atagwa pa tebulo lawo la tomato ndi kapenta, ndipo mlongo wanga Misozi, amene amakhala ku Pamodzi mumzinda wa Ndola, anawatengera kuchipatala komweko. Kwathu nkhani yoipa siyenda chisawawa. Imapita kwa wamkulu, wamkuluyo ndiye amauza ang'ono. Amama anachita kutsindika: "Mabvuto musamuimbire, angachite zamisala m'dziko la eni. Amuuze akulu ake atamukhazika pansi." Misozi anaimbira a Dalitso. A Dalitso anati, "Ndimuuza."

Sanandiuze. Akuti ankadikira zotsatira za magazi kuti adziwe ngati matendawo ndi aakulu. Zitabwera anadikira zina. Komanso mwezi umenewo ankamaliza umboni umene anautaira zaka zambiri, umene ukanawapezetsa ntchito yokhazikika, ndipo ankadziwa kuti ine ndikangomva ndinyamuka, ndikatuluka pa boda sadzandilolanso kulowa, ana asowa wowatenga kusukulu. Ndiye Misozi ankadikira a Dalitso, a Dalitso akudikira chipatala, ine ndikudikira foni ya Amama, Amama akudikira ine.

M'mawa wina ndikutsuka makapu a Dalitso analowa m'khitchini atavala kale tayi.

"Mabvuto, khala pansi. Tsopano zatsimikizika."

Ndinaganiza kuti ndi mapepala. Ndinamwetulira, anthu inu. Ndinapukuta manja n'kumwetulira.

Atamaliza kundiuza kuti Amama atisiya, ndinafunsa funso limodzi, kuti anadwala liti. Atanditchulira, ndinapita pa balaza n'kuthyola bolodi lija pa bondo. Ankati ndidikire aone za ndege, koma mawu oti dikira sindikanathanso kuwamva. Ndinatenga pasipoti n'kukakwera basi. Pa boda wa imigireshoni anawerenga masiku amene ndinapitirira, n'kudinda chidindo chondiletsa kulowanso kwa zaka. Anandiyang'ana ngati akudikira kuti ndimuchonderere. Ndinangoti afulumire. Koma basi sifulumira chifukwa choti wina waferedwa. Tinaima pa mzere wa mathiraki, tinaima potsitsa katundu wa amalonda, tinaima tayala litaphulika tisanafike ku Kapiri.

Nditafika mu Kwacha ndinapeza anyamata akutsitsa tenti. Pamene panali moto wa maliro panali phulusa lozizira. Anaika dzulo lake. A Dalitso anabwera pa ndege, kutera ku Ndola, ine ndili m'njira. Akuluakulu a mpingo anawafunsa ngati adikire wamng'onoyo tsiku limodzi. Iwo anati palibe amene angatsimikize kuti basi ifika liti, komanso tikiti yawo yobwerera inali yodulidwa kale, kuli intaviyu.

Misozi ananditengera kumanda. Dothi linali likadali lofiira, nkhata zitayamba kufota. Pobwerera ndi pamene anandiuza, akuyang'ana pansi.

"Chitseko cha wodi chikangotseguka Amama ankadzutsa mutu. Akaona kuti ndi nesi ankagonanso. Ine ndinkati mwina muli m'njira. Iwo amvekere, 'Wamva, koma akadali wokwiya. Mlekeni, mtima ukatsika abwera. Amabwera ameneyo.'"

Ndinakhala pansi m'mbali mwa msewu, minibasi zikundiimbira hutala ngati ndikufuna kukwera. Amama anapita akukhulupirira kuti ndinamva n'kukana. Chimenecho palibe amene angakawauze kuti si zoona.

Kwacha ndinaipeza mmene ndinaisiyira, koma inalibe nane ntchito. Pa tebulo la Amama kumsika panali kale mayi wina akugulitsa mbatata. Pa siteshoni anyamata atsopano ankandikokera m'minibasi ngati mlendo. Aneba ankandilandira m'Chibemba, maso ali pa chikwama changa, kufunsa chimene ndabweretsa kuchokera ku Joni. Onse ankatamanda bokosi limene anagula ba Dokota, lonyezimira, la zogwirira zagolide. Miyezi yonse ija ndikulira kwathu m'kachipinda ka masutikesi, ndinkayesa ndikulira Kwacha. Ndinkalira munthu mmodzi wofunsa ngati ndadya.

Tsiku lotsatira, a Dalitso asananyamuke, amalume ochokera ku Katete anaitanitsa banja kuti tigawane zovala ndi kumva za nyumba. A Dalitso anapatsidwa mpando wa ndalema, ine ndinakhala pa chidebe pafupi ndi chitseko. Amalume atafunsa ngati pali wina ali ndi mawu, a Dalitso anakonza magalasi n'kunena mofatsa kuti akudziwa kuti mng'ono wawo wakhumudwa, koma sanafune kumusokoneza ndi nkhani yosatsimikizika. Anthu anagwedeza mitu. Azakhali anati ophunzira amaganiza patali.

Wamng'ono salankhula pa bwalo lotere asanapatsidwe mpata. Ndinaimirira. Misozi anandigwira buluku, amalume anasuntha mpando, onse akuyang'ana manja anga. Ndinawapisa m'matumba, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga anakhala momwemo. Ndinapita kukaima patsogolo pa a Dalitso penipeni.

"Akulu, munandiuza nokha kuti ntchito yanu ndi kuonetsetsa kuti pasapezeke wodikira mpaka kalekale. Amama anadikira mpaka kalekale. Ankayang'ana chitseko, ine ndili m'khitchini mwanu ndikutsuka mbale za ana anu, mawu owamasula muli nawo inu m'kamwa. Munkafuna umboni. Uli uko, dothi lake silinaume, pitani mukauwerenge musanakwere ndege. Ntchitoyo akupatseni, ndikufunirani zabwino. Koma Misozi, wamva iwe, tsiku limene ndidzadwale ine usadzawavutitse akuluwa ndi foni. Udzawauze mutandikwirira kale, nkhani itatsimikizika."