Ine ndi Chimkuzamawu Changa Pagombe

Ndine Pyo Dal-su, ndimagulitsa nsomba zouma pagombe la kwathu kuchigawo cha Gangwon. Khonsolo itayamba kulipiritsa oimika magalimoto pagombepo, ndinabwereka chimkuzamawu n'kumakuwa kuti mchenga si wa boma. Ndinawasowetsa mtendere akuluakulu a khonsoloyo mpaka anavomera kuti panalibe lamulo lowaloleza kutero, ndipo anachotsa chotchingira pachipata.

Chilimwe chotsatira anthu a mumzinda wa Seoul anadzaza malo onse ndi magalimoto awo, ena n'kumanga matenti, osachokanso. Masiku ano kalole kanga ndimakasiya kuphiri posowa poimika, katundu n'kutsika naye pamsana.

"Bambo a Eun-ju, takuwaninso," amatero mkazi wanga ndikafika thukuta lili kamukamu. "Mwina alendowa akusendererani."

Ine ndimangoti pakhosi pakundiwawa.