Singano ya Deliwe

Deliwe sankagulitsa kachasu tsiku limene watcheza. Akamaliza ankathira pang'ono m'kapu, kumwa yekha, n'kutsekera mabotolo onse m'nyumba. M'mawa mwake ankakhala pakhonde, kusolola singano imene inkakhala pampango wake, n'kulowetsamo ulusi wakuda. Ulusi ukalowa, chitseko chinkatsegulidwa. Ine ndimakhoma zidebe pansi pa mtengo moyang'anana ndi nyumba yake, kuno ku Lisungwi, ndiye ndinaziona zimenezi kwa zaka khumi ndi chimodzi.

Chifukwa chake tonse tinkachidziwa, ngakhale sitinkachitchula. Mayi ake nawo anali otcheza. Chaka china amuna atatu anamwa kachasu wawo. Awiri anadwala n'kuchira, koma a Laimoni, amene anali telala pamsika, anadzuka akuona ngati utsi, ndipo pofika tsiku lachiwiri sankaonanso. Ena ankati unali mgolo, ena ankati paipi, ena ankati mayiwo anathiramo zina kuti mowa ukalipe. Mayiwo anamwalira osanena. A Laimoni alipo mpaka lero, amayenda ndi ndodo.

Choncho Deliwe atabwera kwa ine chaka chimene thonje linakanika, n'kunena kuti akufuna kuyamba kutcheza, ndinasiya kukhoma.

"Mlongo wanga ku Matandani manachesi akungomuwolera pansi," anatero. "Ndikufuna kachasu wonunkhira makoko a manachesi. Koma sindikufuna chitsulo chilichonse chimene sindikudziwa kumene chachokera. Mundiperekeze, a Sosten. Inu zitsulo mumazidziwa."

Tinapita kusitolo ya Che Twaibu, amene amagulitsa misomali, malata ndi mapaipi. Mwamuna wa Deliwe, Fackson, anatitsatira. Iye anali atapeza kale mgolo wabuluu kwa munthu wina wa njinga, ndipo ankauyamikira njira yonse.

Che Twaibu anatiyang'ana tonse atatu, kenako anayang'ana kudenga.

"Paipi ya chiyani, mayi?"

"Ya madzi."

"Madzi. Chabwino. Ine ndi Msilamu, madzi enawo sindiwadziwa. Koma madzi anuwo akakhala otentha, iyi yotuwayi musatenge, imachita dzimbiri m'kati. Tengani ya mkuwa."

"Yamkuwayo ndi yodula," anatero Fackson. "Ine ndili ndi paipi ya galimoto kunyumba."

"Inkadutsa chiyani m'paipimo, achimwene?"

Deliwe anatenga paipi ya mkuwa, kuiloza kudzuwa, n'kusuzumiramo mpaka ataona kuwala mbali inayo. Anainunkhiza. Kenako anapempha mgolo umene munali mafuta ophikira, umene Che Twaibu anautsegula okha ndi manja awo. Wabuluu uja anakauona madzulo. Anathiramo madzi owira, kuvundikira, n'kuvundukula patapita kanthawi. Fungo limene linatuluka aliyense wolima thonje amalidziwa: mankhwala opopera mbozi.

"Ndi wotsuka," anatero Fackson.

"Muzisambiramo inuyo," anatero Deliwe.

Ine ndinaboola chivundikiro, ndinapinda paipi, ndinadula mgolo wina pakati kuti mukhale madzi ozizira odutsamo paipiyo. Ndinafuna kumata molumikizira ndi mtovu monga ndimachitira ndi zidebe. Deliwe anandigwira dzanja. Anati amata yekha ndi dothi la pachulu, chifukwa dothi amalidziwa.

Tsiku lotcheza koyamba anthu anabwera, koma osati kudzagula. Anaima patali, kumpanda, manja kumbuyo. Madontho oyamba atayamba kugwa, Deliwe anadikira kuti kabotolo kadzaze, n'kukakhuthula kudzala. Amuna ena anadandaula mokweza, chifukwa umenewo ndiwo mutu, mowa wokalipa woukonda iwo. Fungo la manachesi linafika mpaka pamtengo panga.

Kenako tinamva ndodo ikugogoda miyala. Anthu anapatuka. A Laimoni anafika mpaka pamoto, n'kuima.

"Ndamva kuti mwana wa Nangondo wayatsa moto wa amake."

"Ndayatsa wanga, bambo."

"Amwe ndani poyamba?"

Deliwe anathira m'kapu n'kumwa. A Laimoni anamvetsera mpaka atameza. Kenako anapisa m'kolala ya jekete lawo, kusolola singano, n'kumupatsa.

"Ine tsiku lija ndinadziwira apa," anatero. "Ndinadzuka kuti ndisoke, bowo osaliona. Mawa ulowetse ulusi. Ukalowa, ugulitse. Ukakana, usadzapatse mwana wa munthu."

M'mawa mwake ndinafika pamtengo msanga kuposa masiku onse. Sindinali ndekha. Deliwe anatuluka, kukhala pansi, kunyowetsa ulusi ndi malovu. Unalowa ulendo woyamba. A Laimoni atauzidwa anangoti, "Ndithirireni," ndipo anamwa anthu onse akuona.

Kuyambira pamenepo kachasu wa manachesi anadziwika mpaka ku Matope. Aphunzitsi ankatuma anthu mwakachetechete. Deliwe anayesanso mandimu, kenako bwemba, koma anthu ankabwerera ku manachesi. Paipi ankaitsuka yekha ndi phulusa ndi mandimu, ndipo sankaibwereketsa. Ofuna mowa tsiku lotcheza ankawabweza, ngakhale achibale, ngakhale pamaliro. Ankamunena kuti ndi wamwano. Iye ankangoti, "Mawa."

Chaka chatha mgolo wa Che Twaibu uja unabooka pansi. Zinachitika sabata imene banja lina linali litaitanitsa mowa wambiri wa pomanga chiliza cha bambo awo, ndipo phala la mowa linali litapsa kale, losadikira. Deliwe anali ku Matandani kokatenga manachesi. Fackson anathamanga n'kubwera ndi mgolo wina wopaka penti wofiira, ndipo ine ndinauboola chivundikiro. Ndinamufunsa kumene wautenga. Anati kwa Che Twaibu. Sindinafunsenso, ndipo pamenepo ndinalakwa.

Deliwe atabwerako anauyesa ndi madzi owira, sunanunkhe kanthu. Anatcheza, anamwa kapu yake, anatseka chitseko.

M'mawa eni chiliza anafika ndi njinga ziwiri ndi zigubu. Deliwe anakhala pakhonde, kusolola singano. Ulusi unapita pambali. Ananyowetsanso. Unapindika. Anatembenukira kudzuwa, kutalikitsa dzanja, kuyandikitsa. Ndinaika nyundo pansi.

"Ndi ukalamba umenewo, make Beatrice," anatero Fackson, akuseka mosakoma. "Ngakhale foni masiku ano mumaiwerengera kutali."

"Mgolo uja munautenga kuti?"

"Ndanena kale."

"Ndikafunse kwa Che Twaibu?"

Fackson anayang'ana pansi. Anati anaugula kwa dalaivala wa lole pamsewu, ndipo dalaivalayo anati munali zakudya.

"Mayi, anthu akudikira kumanda," anatero mkulu wa eni chiliza. "Ife timwa, tikudwala ndife. Tatipatsani."

Deliwe anayesa kachitatu. Kenako analowa m'nyumba n'kuyamba kutulutsa mabotolo. Mkulu uja anatsegula chigubu chake, akuganiza kuti zatheka. Deliwe anamudutsa, kupita kudzala, n'kuyamba kukhuthula limodzilimodzi. Anthu anakuwa. Wina anamutukwana potchula mayi ake. Fackson anamugwira mkono, iye anamuyang'ana mpaka anamusiya. Dzala linanunkhira manachesi masiku atatu.

Tsiku lomwelo Deliwe anapita kuchipatala. Anamuyeza, anamuuza kuti m'maso mulibe poizoni, ndi zaka basi, ndipo patapita milungu iwiri anabwera ndi magalasi. Fackson anauza msika wonse kuti mowa unatayidwa pachabe. Mwina ndi zoona. Mgolo wofiira uja ndinaudula ine, ndipo mpaka lero sindidziwa chimene munali.

Tsiku limene analandira magalasiwo anabwera pamtengo panga, atanyamula paipi ya mkuwa. Anakhala pachidebe chovundikira, kuvala magalasi, kusolola singano ya a Laimoni. Ulusi unalowa ulendo woyamba.

"Ndiye muyambiranso," ndinatero. "Mgolo ndikapeza ine kwa Che Twaibu."

Anavula magalasi n'kuyang'ana singano ija. Anaitalikitsa, anaiyandikitsa.

"Akuona ndi magalasiwa, a Sosten, osati ine. Tsiku limene mowa udzakhale woipa, ndidzadziwa bwanji?"

Anandisiyira paipiyo kuti ndiidule tizidutswa, pasapezeke woitola. Singano anaibaya pampango, ulusi uli momwemo, n'kuwoloka msewu.