Ba Mainess ba Majombo na Malata Satini

Mukafika ku Kanyama nthawi ya mvula, funsani chabe kuti, "Ba Mainess ba majombo bali kuti?" Aliyense azakulozelani pa Chithaphwi, paja pamene msewu umamila kuchoka Disemba mpaka Malichi. Bamakhala pamenepo na majombo mapeya sikisi. Munthu wopita ku nchito avula nsapato, avala majombo, Ba Mainess kutsogolo, eve pambuyo. Bakafika kutsidya bamuvula, babwelela nayo pamutu. Zaka naini manje, kupita na kubwela tsiku lonse. Miyendo yao, anzanga, inalimba monga mipini ya wilibala.

Batate bao banachoka ku Dedza kubwela kuphwanya miyala kuno. Bamuna bao, Ba Edwell, banatisiya kale. Chinatsala ni mwana mmodzi, Taonga, ndipo Taonga uja banamubalila mu wilibala, pakati pa manzi, chifukwa mvula ikakwiya motoka siingena mu komboni. Nkhani iyi sibaikamba moseka.

Manje chaka chino Taonga anali na pakati, wodikila Febuluwale. Pa kakiliniki ka mpingo pali nyumba yamene bazimai bapakati bamagonako masiku yakayandikila, koma mphepo inanyamula denga lonse, kunatsala vipupa chabe. Ndiye mpingo unakonza mpikisano wothamanga makilomita twente wanu. Ba Silas, baja ba shopu ya malata ku Kamwala, banaimilila mu chalichi na kulonjeza kuti aliyense wofika pomalizila, beve bazapeleka lata limodzi.

Ba Mainess banalembetsa tsiku lamene lija.

"Imwe, pa msinkhu wanu?" banatelo Ba Virginia, bogulitsa tomato pafupi nabo. "Muzagwela pamsewu, ise tizadye nyemba."

"Mukaziphike zipse," Ba Mainess banayankha, "osati monga zija za pa malilo ya bapongozi banu."

Pa Chiwelu kuseni kumwamba kunali kwakuda bii. Othamanga banalipo sikisite, bambili ba kumayadi, na nsapato zowala monga maswiti. Ba Mainess banafika na chitenge chomanga pamwamba pa mawondo, tunsapato twa nsalu twa Taonga, nambala baimanga na mapini ya matewela.

Banayenda bwino mpaka pakati. Pamenepo mvula inagwa monga wina wagubuduza dilamu. Mphepo inagwetsa chikwangwani cha pamsewu, chiphaliwali chikung'amba kumwamba, manzi yakuthamanga kupambana banthu. Ba Chola, mlembi wa komiti, banabwela na basi, mutu uli pawindo.

"Mpikisano waima! Kwelani bonse! Amai, kwelani!"

"Ba Chola, nanga Ba Silas banakamba kuti mvula ikagwa malata bazapeleka chabe?"

"Iyayi, koma moyo, amai!"

"Ndiye chotsani basi yanu, yanitsekela njila."

Bambili banakwela. Ba Mainess banapitiliza, chitenge chikumata m'thupi, mpweya ukutuluka monga pampu ya njinga.

Manje njila yobwelela inali kupita pa Chithaphwi pao pamene paja. Banapeza banthu twelufu bamene basi inabasiya, baimilila m'mphepete, bakunjenjemela. Manzi yafika m'mawondo, yofiila, yanyamula mabotolo yosweka na vonse va m'vimbudzi. Mtsikana wina anali atayesa kale, mwendo unangena mu ngalande, banachita kumukoka. Bonse banali bagwilizana zobwelela.

Ba Mainess banabayang'ana. Banatiuza bekha pambuyo pake kuti sibanaone banthu iyayi, banaona malata twelufu yali pafupi kuyenda na manzi.

"Ba Virginia! Majombo!"

Ba Virginia, baja ba nyemba, banatuluka pansi pa pulasitiki yao na thumba lonse. Pakamwa pao ni poipa, koma mtima ulibe mlandu.

"Mvelani," banatelo Ba Mainess. "Phewa lanu likhudze chipupa cha buluu mpaka pa polo ya malaiti. Pa polo, mapazi yatatu kumanja. Pali miyala pansi, ninaika nekha. Wopatuka ni wa ngalande."

Bambo wina wonenepa, wa magalasi, anapukusa mutu. "Amai, ine vakwana. Nibwelela."

"Batate, imwe ndimwe lata la pakona pamene pazagona mwana wanga. Valani."

Anavala.

Banawolotsa sikisi, wina kugwila malaya ya mnzake monga bana ba sukulu. Banabavula, banabwelela na majombo pamutu, banatenga benangu sikisi. Beve bekha na tunsapato twa nsalu. Botolo inabacheka pa chidendene, koma sibanaime.

Makilomita yotsala banayenda kumbuyo kwa gulu lonse, kukankha bambo wa magalasi uja na mau. "Tiyeni, batate! Ku ofesi muzapumula pa Mande!"

Pa bwalo la chalichi banapeza tenti yakolekeka mu mtengo wa mango, thebulo yagona chagada, kulibe wolemba maina. Ba Silas banali mu motoka yao, mawindo yotseka. Ba Mainess banandandalika banthu bao kutsogolo kwa motoka, mvula ikubamenya, na kugogoda pa galasi.

"Ba Silas, tafika. Tili satini."

"Amai, si banakamba kuti mpikisano waima?"

"Anaimika ni Chola. Imwe munakamba mu chalichi kuti wofika. Onani bwino, kapena mufuna nikubwelekeni magalasi ya batate aba?"

Ba Silas banayang'ana gulu lija, matika mpaka m'chiuno, palibe wosuntha. Banayatsa injini, palibe wosuntha. Banaizimitsa.

"Pa Mande mutume wilibala."

"Nizabwela nekha. Ya geji yolimba, osati yaja yopyapyala monga pepala."

Malata satini siyakwana nyumba yonse, ichi tisaname. Yanafolela chipinda chimodzi, cha kumpoto, mabedi yanai. Mu Febuluwale mvula inagwa masiku yatatu osaleka, msewu unamila, ndipo Taonga anali kale mukati, pakona paja. Anabala mwana mkazi.

Ba Mainess banakhala pakhomo na chidendene chomanga nsalu, kumvela mvula ikulila padenga. Ba Virginia banabwela na poto.

"Nyemba zanu zija. Zapsa."

"Ikani apo. Khalani chete, nimvele malata yanga."