Mkamwini wanga wokalambitsa zithunzi

A Vitalis anabwera pamudzi pathu kuno ku Njuli chaka chimene sukulu inakhala yaulere, kudzakwatira mwana wanga Eluby. Akamwini a anzanga amabwera ndi khasu, wangayu anabwera ndi maburashi m'chitini. Ntchito yawo inali kulemba zikwangwani za magolosale ndi kujambula nkhuku pakhoma. Nkhuku zakezo zinkaoneka ngati abakha, komabe ankadya nazo.

Anawasokoneza mutu ndi a Nasibu, aja ogulitsa ziboliboli kwa azungu m'tauni. Akuti azungu chithunzi chatsopano sachifuna, amafuna chakale, cha nthawi imene makolo athu ankachokera ku Mozambiki. Ine makolo anga anabwera ndi mphika pamutu ndi minga kumapazi, wowajambula anali ndani? Koma a Vitalis anamva.

Ndiye taonani ntchito yake. Munthu ajambule bwinobwino pachinsalu sabata yathunthu, kenako achiwononge yekha. Ankachiviika m'tiyi, tiyi woti tikanamwa. Akatero n'kuchipachika kudenga kwa khitchini yanga, pamene ndimasunga chimanga chambewu, kuti chidye utsi ndi mwaye. Akachitsitsa, kuchipaka phala la chinangwa n'kuchiyanika padzuwa mpaka chichite ming'alu ngati zidendene zangazi. Pomaliza kukachikwirira pachulu kuti chiswe chilumeko m'mbali. Masiku awiri okha, poti chiswe sichidziwa kuti awa ndi malonda.

Ndinawauza, nditayang'ana kumbali monga achitira mpongozi: "Bambo, ukalamba sausaka. Ine unandipeza wokha, kwaulere."

"Amayi, limeneli ndi luso."

"Luso lanulo. Pamudzi pa eni mkamwini sakumbakumba pachulu. Tsiku lina mudzanyamula chitini chanucho."

Tsono anafuna nkhope yooneka yamakedzana. Anakatenga achimwene anga a Mikaele, eni mbumba yathu, kuwakhazika pamtondo, kuwafunditsa chiguduli, kabotolo ka kachasu kali pambali kuti asatope. Ndipo kokhako anajambula bwino mwana wa eni, mpaka dzino limodzi lija ndi chipsera cha pamphumi. Chinsalu chinamwa tiyi wanga, chinadya utsi wanga, Lachiwiri anakachikwirira. Lachinayi m'mawa, tsiku loti akachifukule, a Mikaele anatisiya.

Kwathu kuno maliro akakhala m'nyumba palibe agwira khasu, kupatula adzukulu okumba manda. A Vitalis anakhala pasiwa ndi azibambo anzawo, koma ine ndinkawaona. Anthu akuyimba, iwo maso ali kuchulu, akuwerenga masiku pa zala. Lachisanu tonse tili kumanda, anazemba. Adzukulu awiri amene anatumidwa kudzatenga madzi anawapeza atagwada pachulu, khasu lili pambali, akusasa dothi pankhope ya malemu. Chiswe chinali chitadya pachifuwa ponse, pomwe ankadandaula achimwene paja.

Mbumba itakhala pansi, ine ndinayankhula. Ndinati achimwene atsokomola zaka zitatu, kachasu ankamwa ngati thobwa, tonse tikudziwa. Ndinati, "Mkamwini wangayu si mfiti. Ufiti umafuna nzeru."

Ena anaseka. Koma alamu anga, akazi a malemuwo, sanaseke. Anafunsa funso limodzi lokha.

"Inu a Vitalis, munthu wamoyo, akupuma, munamukwiriranji m'dothi?"

Ndinawatsinzinira diso a Vitalis kuti akhale chete. Kodi anaona?

"Ndimafuna akalambe msanga, amayi."

Basi. Mlandu unathera pomwepo. Dzuwa lisanapendeke anali atanyamula chitini chawo chija, monga ndinanenera.

Chimene maso angawa sanachione nchakuti Eluby naye anali atamanga katundu wake. Mwana wanga mmodzi yekha wamkazi, woti adzatsale pamunda wanga, anatsatira maburashi. Ali ku Bangwe mpaka lero, amuna ake anabwerera ku nkhuku zawo zonga abakha zija.

Chinsalucho palibe anafuna kuchikhudza, ndiye ndinachitola ine. Chithunzi china cha achimwene palibe. Ndinachipachika kudenga kwa khitchini komwe kuja, chikukalamba chokha, popanda wochithandiza.